Thandizani mwana wa Grade 10, nkhani ya maatomu, ma ion ndi ma isotope

Mayi a Tadala: Odi pagulu pano, mwaswera bwanji nonse. Pepani ndikudziwa kuti gulu lino ndi la nkhani za maliro ndi zotumiza katundu kumudzi koma ndasowa kolowera. Mtsikana wanga ali Grade 10 ndipo Lolemba akulemba Physical Sciences, wakhala akulira kuyambira madzulo ati atomu, ion ndi isotope zonse akungoziona ngati chinthu chimodzi. Alipo angatithandize? Ndimupatsa foni aziwerenga yekha

Che Yusufu: Tiwaitane Aphunzitsi, sabata ino sali pa shifiti ya usiku

Aphunzitsi: Ndilipo mayi, ndangotsika tekisi kumene. Mwanayo asalire, zimenezi ndaphunzitsapo ana ambiri kumudzi ndipo onse ankasokonekera pamalo amodzimodzi. Atenge pensulo ndi tebulo la periodic lija lili kumapeto kwa buku lake, tiyendere limodzi.

Chilichonse chomwe ungachigwire, mpando, madzi, nsima, mpweya, ngakhale thupi lako lomwe, chapangidwa ndi maatomu. Ndi tinthu tating'ono kwambiri moti utandandalika maatomu a golide pamzere, mu milimita imodzi yokha alowamo oposa 3 miliyoni. Pakati penipeni pa atomu pali nyukiliyasi, mmenemo mwapanikizana mapulotoni ndi manyutuloni, ndipo kunja kozungulira ndi kumene kuli maelekitiloni. Pulotoni ili ndi chaji cha +, elekitiloni ili ndi −, nyutuloni ilibe chaji chilichonse. Pa kulemera pulotoni ndi nyutuloni zimangofanana, koma elekitiloni ndi yopepuka zedi, pamafunika maelekitiloni pafupifupi 1836 kuti alemere ngati pulotoni imodzi, ndiye ukamva za kulemera kwa atomu dziwa kuti akunena za nyukiliyasi.

Tsopano gwira ichi, chifukwa ukachigwira zina zonse zibwera zokha. Dzina la atomu lili pa mapulotoni. Mapulotoni 6 ndi carbon, 11 ndi sodium, 79 ndi golide, palibe kukambirana. Zili ngati mfunda. Munthu wa kwa Phiri atanenepa kapena kuwonda ndi Phiri yemweyo, kumeneko ndiye kusintha kwa manyutuloni ndipo timati isotope. Akakongoza ndalama kapena kukongola ndi Phiribe, kumeneko ndi kutaya kapena kulandira maelekitiloni ndipo timati ion. Koma ukakhudza mapulotoni wasintha mfunda, sakhalanso munthu yemwe uja.

Mayi a Tadala: Ndine Tadala, ndapeza sodium pa tebulo, pali 11 ndi 23

Aphunzitsi: Eya mwanangu. 11 ndi atomic number, kuchuluka kwa mapulotoni. 23 ndi mapulotoni kuphatikiza manyutuloni. Ndiye manyutuloni alipo angati, nanga maelekitiloni?

Mayi a Tadala: manyutuloni 12, maelekitiloni 11

Aphunzitsi: Wakhoza. Atomu ikakhala yokha osasokonezedwa ma + ndi ma − amafanana. Chizindikiro cha sodium ndi Na, nanga akakulembera Na⁺?

Mayi a Tadala: mapulotoni 12? chifukwa pali plus ndiye yawonjezeka imodzi

Aphunzitsi: Pamenepa ndi pomwe ana ambiri amagwera ndipo ndasangalala kuti walemba lero osati Lolemba. Yang'ana pa tebulo, wa mapulotoni 12 ndi ndani? Ndi magnesium. Ndiye ukawonjezera pulotoni sodium wako wasowa. Plus ija sikutanthauza kuti chalowa china, ikutanthauza kuti chatuluka. Elekitiloni imodzi yachoka, atsala 10, mapulotoni akadali 11, ndiye ma + aposa ma − ndi imodzi. Lemba penapake ndi zilembo zazikulu, Na⁺ ali ndi mapulotoni 11, manyutuloni 12, maelekitiloni 10. Mu chemistry yonse imene uphunzire mpaka matric nyukiliyasi siikhudzidwa, amene amayendayenda ndi maelekitiloni okha

Che Yusufu: Aphunzitsi inenso ndikutsatira ndili pa makina osokera pano. Koma nchifukwa chani sodium ataye elekitiloni yake, amukakamiza ndani

Aphunzitsi: Funso labwino Che Yusufu. Maelekitiloni sakhala mwachisawawa, amakhala m'mizere kuzungulira nyukiliyasi. Mzere woyamba umakwana awiri, wachiwiri 8. Sodium ali ndi 11 ndiye ndi 2, kenako 8, yotsalayo imodzi ili yokhayokha kunja, kutali ndi nyukiliyasi ndipo siyogwidwa mwamphamvu. Chlorine ali ndi 17, ndiye 2, 8, 7, ikumusowa imodzi kuti mzere wakunja udzaze. Akakumana, imodzi ija imasamukira kwa chlorine, uyu amasanduka Na⁺ winayo Cl⁻, ndipo poti + ndi − zimakokana amagwirana zolimba. Chotuluka pamenepo ndi mchere umene mwathira mu ndiwo lero. Taganizani, sodium payekha ndi chitsulo chofewa chodulika ndi mpeni, ukachiponya m'madzi chimathetheka mpaka kuyaka, amachisunga m'mafuta. Chlorine payekha ndi mpweya wapoizoni wobiriwira mwachikasu. Koma elekitiloni imodzi yokha ikasamuka zonsezo zatha, tikudya. Ine mpaka lero chimandizizwitsabe

Kondwani wa ku Wits: Madala mwafotokoza bwino, ndingowonjezera kamodzi. Kuno ku Joni Grade 10 safuna 2, 8, 1 yokha ngati mmene tinkalembera pa JCE, amafunanso ya s ndi p, timagawo ting'onoting'ono ta mizere ija. Ndiye Tadala sodium ulembe 1s² 2s² 2p⁶ 3s¹, ndipo Na⁺ ungochotsa 3s¹ yakumapetoyo. Chlorine ndi 1s² 2s² 2p⁶ 3s² 3p⁵, akakhala Cl⁻ kumapetoko kumakhala 3p⁶. Uwerenge timanambala tam'mwambato, tiyenera kukwana maelekitiloni onse. Pa Aufbau diagram, chojambula chimene elekitiloni iliyonse imakhala kamuvi m'bokosi, mu mabokosi atatu a p uyambe waika kamuvi kamodzi m'bokosi lililonse kenako uzibwereza, osadzaza bokosi loyamba enawo ali opanda kanthu, mamaki amathera pamenepo

Aphunzitsi: Zikomo mphwanga, silabasi yakuno ukuidziwa ndiwe

Nabanda: Ine ndimagwira yosamalira okalamba ku Edenvale ndiye ma ion ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku. Magazi akatengedwa pepala limabwera litalembedwa Na, K, Cl, amenewo ndi ma ion omwewa, K ndiye potassium. Gogo wina amene ndinkamusamala anangoyamba kusokonekera, osazindikira mwana wake, tonse tinkati mutu wayamba, koma atayeza anapeza kuti sodium watsika m'magazi, atamukonza anabwerera bwinobwino nkuyamba kufunsa tiyi wake. Mtima kuti ugunde ndi minyewa kuti igwire ntchito zimadalira sodium, potassium ndi calcium kulowa ndi kutuluka m'maselo. Ndi chifukwa chake mwana akatsegula m'mimba timamupatsa Thanzi osati madzi okha, zimene akutaya si madzi okha ayi. Amayi nonse muli pano musamadikire mwana afooke kaye

Che Yusufu: Nanga batire la foni lija amalemba Li-ion ndi nkhani yomweyi?

Kondwani wa ku Wits: Yomweyo achimwene. Lithium ali ndi mapulotoni 3, amataya elekitiloni imodzi nkukhala Li⁺. Mukamatchaja, ma ion amenewo amasamukira mbali imodzi ya batire, mukamagwiritsa ntchito amabwerera, maelekitiloni nawo amadutsa njira yakunja mu waya ndipo ndi amene akuyatsa sikirini yanu. Ngakhale fetereza amene mumatumizira ndalama kumudzi, CAN uja, mbewu siidya mibulu yoyerayo, imadikira isungunuke nkumamwa ma ion a nitrate ndi ammonium, nchifukwa chake kuthira pa nthaka youma gwa nkungotaya ndalama

Mayi a Tadala: Tadala akuti ion wamva tsopano, koma akufunsa kuti chlorine bwanji pa tebulo alemba 35,5, kodi pali nyutuloni ya theka?

Aphunzitsi: Mwana uyu ali ndi mutu mayi, limenelo ndiye khomo lolowera ku ma isotope. Nyutuloni ya theka kulibe. Ukatapa mchere pang'ono, maatomu a chlorine ali mmenemo onse ali ndi mapulotoni 17 koma si onse olemera mofanana. Pafupifupi atatu mwa anayi alionse ali ndi manyutuloni 18, amenewo ndi chlorine-35. Mmodzi wotsalayo ali ndi 20, ndi chlorine-37. Ndiye 35,5 ndi avereji. Uchite 75 × 35, uphatikize 25 × 37, ugawe ndi 100, uona wekha chituluke. Funso limeneli limabwera kwambiri, nthawi zina amangosintha nkuika copper kapena boron koma njira ndi yomweyo. Ndipo lilime lako silingasiyanitse awiriwo, amachita zofanana chifukwa maelekitiloni awo ndi ofanana.

Hydrogen ndiye wosavuta kuloweza. Wamba ali ndi pulotoni imodzi popanda nyutuloni, wa nyutuloni imodzi ndi deuterium, wa awiri ndi tritium. Carbon ali ndi 12, 13 ndi 14, onse mapulotoni 6

Mayi a Tadala: yatuluka 35,5 ndendende

Wa ku Karonga: Pepani ndilowelere. Ine ndikamva mawu oti isotope thupi limachita tsemwe, si zija za radiation izi? Kwathu ku Kayelekera pamene ankatsegula mgodi wa yureniyamu mu 2009 anthu tinali ndi mantha kwambiri, ena ankati nsomba za m'nyanja zitha, ena ankati ana azibadwa olumala, ndipo palibe amene anakhala nafe pansi kutifotokozera mmene mukuchitira panomu. Ndiye mukamati mu mchere muli ma isotope ine ndikudabwa

Aphunzitsi: Achimwene mantha anu ndi omveka ndipo sindikuwapeputsa, koma tisiyanitse. Ma isotope ambiri amene ali m'zinthu zotizungulira ndi okhazikika, chlorine-35 ndi 37 onse satulutsa kanthu, akhala choncho mpaka kalekale. Alipo ena amene nyukiliyasi yawo siinakhazikike, manyutuloni achuluka kapena achepa poyerekeza ndi mapulotoni, kapena nyukiliyasiyo yangokula kwambiri, amenewo ndiye pakapita nthawi amasweka nkutulutsa radiation, tinthu ndi cheza champhamvu chosaoneka ndi maso. Yureniyamu ali m'gulu limeneli, mapulotoni 92, ndipo alibe isotope yokhazikika ngakhale imodzi. Wokumbidwa pansi pafupifupi yense ndi uranium-238, kagawo kakang'ono kokha, 0,7 peresenti, ndi uranium-235, ndipo kameneka ndi kamene dziko lonse limakalimbirana chifukwa ndi kamene kamagawika mosavuta nkutulutsa kutentha kochuluka. Ku Koeberg pafupi ndi Cape Town magetsi amapangidwa motero kuyambira 1984, amawonjezera kaye 235 uja kufika maperesenti ochepa asanamulowetse. Kusiyana kwa awiriwa ndi manyutuloni atatu okha basi

Kondwani wa ku Wits: Ndipo radiation pang'ono tili nayo tonse m'thupi chibadwire. Mu nthochi, mbatata, nyemba muli potassium, ndipo kagawo kochepetsetsa ka potassium aliyense ndi potassium-40 amene amasweka. Carbon-14 nayenso timadya tsiku lililonse. Nkhani imakhala pa kuchuluka kwake, mtundu wake, komanso ngati walowa mkati mwa thupi kapena ali kunja

Nabanda: Komanso ena amachiza ndithu. Ndinaperekezapo wodwala ku sikani ya mafupa, anamubaya jakisoni wa technetium-99m nkutiuza kuti tidikire maola angapo azimwa madzi ambiri, kenako anamugoneka pansi pa makina chithunzi cha mafupa onse nkutuluka, pamene panali vuto pakuoneka pothimbirira. Ndinafunsa kuti nanga zimenezi zikhala m'thupi mpaka liti anati pakatha maola 6 alionse theka limakhala latha, mawa lake kumatsala kochepa. A chithokomiro amawapatsa iodine-131

Kondwani wa ku Wits: Achemwali chimenecho ndi half-life, nthawi imene theka la maatomu limasweka. Technetium-99m maola 6, iodine-131 pafupifupi masiku 8, carbon-14 zaka 5730. Ndipo technetium wanuyo sachokera kutali, amabadwa kuchokera ku molybdenum-99 amene amapangidwa ku Pelindaba cha ku Hartbeespoort, mu reactor, makina ogawira nyukiliyasi ya yureniyamu, yotchedwa SAFARI-1 imene yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1965, amatumiza mpaka maiko akunja. Anthu timadutsa njira imeneyo popita ku damu osadziwa.

China chimene ambiri amaphonya, mafupa akale kwambiri aja a m'mapanga a ku Sterkfontein, ngati chigaza chotchedwa Mrs Ples chimene Robert Broom anapeza mu 1947, sayeza zaka zake ndi carbon-14 ayi. Carbon-14 amathandiza kudziwa zaka za zinthu zimene zinali zamoyo mpaka zaka pafupifupi 50 000, kupitirira apo watsala wochepa kwambiri osayezeka. Za zaka mamiliyoni amagwiritsa ntchito ma isotope ochedwa kusweka ngati yureniyamu amene amathera ku mtovu

Madala a ku Roodepoort: Ana inu mwandikumbutsa kutali. Bambo anga anabwera kuno pa Wenela, ankalowa pansi kukumba golide ndipo anabwerera kumudzi ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Ankanena kuti mwala ungaphwanye ngolo yonse golide wake osamuona ndi maso. Tsono funso langa ndi ili Aphunzitsi, mwati golide ndi 79. Kuli anyamata mtauni muno amayenda ndi timabotolo ati ali ndi mankhwala osandutsa waya wa kopa kukhala golide, mwana wa mlongo wanga anatsala pang'ono kuwapatsa ndalama ya lendi. Zingatheke?

Aphunzitsi: Madala muuzeni asayerekeze. Kopa ndi mapulotoni 29, golide 79, pakusowa 50, ndipo palibe asidi, moto kapena mankhwala a m'botolo amene angafike pa nyukiliyasi. Mankhwala onse amathera pa maelekitiloni akunja. Chimene angachite nkungopaka utoto wachikasu pamwamba. Asayansi anakwanitsapo kupanga maatomu a golide kuchokera ku zitsulo zina m'makina akuluakulu othamangitsa tinthu timeneti, koma anatuluka ochepa osaoneka ndi maso ndipo mtengo wake unaposa kutalitali golide wogula. Golide yense amene anamanga mzinda uno kuyambira 1886 ndi isotope imodzi yokha, gold-197, mapulotoni 79 manyutuloni 118, ndipo anali kale m'miyala anthu asanabwere.

Ndipo poti mwatchula golide, ndi iyeyo amene anatiululira kuti nyukiliyasi ilipo. Ku Manchester anyamata a Ernest Rutherford, Geiger ndi Marsden, ankawombera tinthu ta chaji cha + pa kapepala ka golide kopyapyala kwambiri. Pafupifupi tonse tinkangodutsa ngati palibe chotchinga, koma kamodzi mwa masauzande kankanjanja nkubwerera kumbuyo. Mu 1911 Rutherford anati izi zikutheka pokhapokha ngati kulemera konse ndi chaji chonse cha + zaunjikana pa kadontho pakati, kwina konseko kuli gwaa. Elekitiloni anali ataipeza kale J.J. Thomson mu 1897, nyutuloni inachedwa mpaka 1932 ndi James Chadwick. Tadala maina atatuwa, Thomson, Rutherford ndi Chadwick, ndi zaka zake uwasunge, amakonda kufunsa amene anapeza chani

Wa ku Karonga: Ndamva, koma ine pa yureniyamu mtima sunakhale pansi. Mwati amasweka, ndiye atha liti?

Kondwani wa ku Wits: Uranium-238 half-life yake ndi zaka pafupifupi 4,5 biliyoni achimwene, ndiye kwa ife tingoti sakutha. Kuchedwa kumeneko kukutanthauza kuti radiation yake pa tsiku ndi yochepa, mwala uli apo inu apa si vuto lalikulu. Vuto ndi fumbi lolowa m'mapapo, madzi akumwa, ndi mpweya wa radon umene umatuluka iye akamasweka nkumaunjikana m'malo otsekeka. Komanso payekha ndi chitsulo cholemera chimene chimawononga impso. Ndiye kufunsa kuti zotsalira za mgodi zikusungidwa bwanji ndi ufulu wanu ndipo ndi funso lanzeru. Ndipo musaganize kuti pobwera ku Joni munamusiya ku Karonga, miyala ya golide yakuno ili ndi yureniyamu, mapiri achikasu aja timawaona ku Soweto, Riverlea mpaka Krugersdorp ali naye ndithu

Madala a ku Roodepoort: Amenewo ndiye ndimawaona pa windo. Ogasiti akafika mphepo ikayamba fumbi lake limalowa mpaka m'mapoto, ukapukuta tebulo m'mawa masana layeranso

Nabanda: Madala muzitseka mawindo ikamawomba ndipo pokolopa muzinyowetsa kansalu osati kusesa pouma. Ana asamakaseweretu kumeneko, ndimaona ena akutsetsereka pa mapiri amenewo ndi makatoni mtima umandiwawa

Che Yusufu: Pali anzathu ena amalima timadimba ta rape ndi chinese m'mbali mwa timitsinje cha kumadzulo uko, madzi ake ena ofiirira ngati dzimbiri. Ndinawafunsa anati akumwa amawiritsa kaye ndiye palibe vuto

Kondwani wa ku Wits: Ayi achimwene muwauze asiye, chonde. M'miyala ya migodi muli pyrite, mwala wa iron ndi sulphur, ikakumana ndi madzi ndi mpweya imapanga asidi, asidiyo amasungunula zitsulo nkuzisandutsa ma ion oyandama m'madzi, iron, manganese, yureniyamu ndi zina. Kufiirako ndi iron. Cha ku Krugersdorp ndi Randfontein madzi otere anayamba kutumphukira pamtunda kuchokera m'migodi yakale mu 2002. Kuwiritsa kumapha majeremusi chifukwa ndi amoyo, koma ion siifa, ndipo nthunzi ikamatuluka madzi akuchepa zitsulozo zikutsalira mu poto momwemo, ndiye zikuchulukirachulukira pa kapu iliyonse. Kusefa ndi nsalu sikuthandiza, WaterGuard kapena jiki sizithandizanso, zimenezo ndi za majeremusi. Ndipo madzi kuoneka oyera sikutanthauza kuti mulibe, ma ion ambiri alibe mtundu. Akumwa ndi ophikira atunge a pa mpopi, ndipo masamba othiriridwa ndi madzi amenewo nawonso amayamwa zina mwa zitsulozo

Che Yusufu: Lachisanu ndikumana nawo ku mzikiti ndiwauza. Mmodzi ali ndi mwana wakhanda ndipo madzi omwewo ndi amene amachapira mabotolo ake